Makolo akamamenyana usiku, m'mawa ku sukulu timalandira ana otani?

Nachisale (mphunzitsi, Dowa):
Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yatitsutsanitsa aphunzitsi sabata ino. Tikulemba malipoti a teremu, ndiye tinayamba kuona mayina a ana amene atsika kwambiri. Sindikunena ana amene amavutika ndi kale, ayi. Ndikunena ana amene chaka chatha ankapikisana pa manambala oyambirira, lero ali kumchira. Titafunsana kuti kodi uyu amachokera khomo liti, nanga uyu, tinapeza kuti ambiri ndi a makomo amene mudzi wonse ukudziwa kuti usiku sikugonedwa. Anzanga ena akuti zimenezo ndi za m'banja, ife yathu ndi choko basi. Ine ndikukana. Makolo muli pano, ankhoswe muli pano, odziwa malamulo muli pano. Tithandizane nzeru.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwana wofuna sukulu amaphunzira. Ife tinakula bambo akumenya mayi, nafenso tikulawa chikoti, koma Sitandade 8 tinakhoza mpaka kusankhidwa. Ana a lero chawaononga ndi mafoni ndi kukaonera mafilimu pa msika. Tisamangokankhira chilichonse kwa makolo.

Yamikani (Johannesburg):
Bambo a Tadala, inu munakhoza, tayamika. Koma munabadwa angati, ndipo anafika Fomu 4 ndi angati? Ndikufunsa chifukwa kwathunso wokhoza alipo, mchemwali wanga wamng'ono, ndipo anthu akamanena za banja lathu amatchula iyeyo. Ife amene tinagwera m'njira sitiwerengedwa.

Ine ndinali woyamba kubadwa. Ntchito yanga madzulo inali kumvetsera njinga ya bambo. Ikamabwera mwakachetechete, kunja kuli bwino. Ikamabwera belu likulira kuchokera kumtunda kuja, iwo akuimba, ndimadziwa kuti ndithamangire kubisa nkhwangwa, chikwanje ndi mpeni pansi pa nkhokwe, kenako ndidzutse ana aang'ono tikagone kwa anyakwawa kapena m'khitchini mwa aneba. Ndinkagona nditavala malaya a sukulu chifukwa sindinkadziwa kuti kucha kundipeza kuti. M'kalasi thupi linkakhalapo, koma mutu unali kunyumba: kodi mayi adzuka? Kodi atupa pati lero? Aphunzitsi ankati ndine wogona, waulesi. Ndinabwereza Sitandade 6, ndinabwerezanso Sitandade 7, kenako ndinaona kuti ndakula pakati pa tiana, ndinasiya. Pano ndili kuno ndikusenza matumba a simenti. Foni panthawiyo m'mudzi mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe.

Mayi a Chikondi:
Iii achimwene a Yamikani, mwandiliza. Zobisa mipeni zija ndi zoona, nafenso tinkatero.

Nachisale (mphunzitsi, Dowa):
A Yamikani mwanena zimene ife timaziona tsiku ndi tsiku, kungoti timazitcha mayina ena. Kujomba, kuchedwa, kugona m'kalasi, mwano.

Kaundula wa kalasi amanena zambiri ngati munthu wamuwerenga bwino. Kuno kwathu ndi kwa fodya. Misika ikatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo akapita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, ndalama zikalowa, m'pamene mipata imachuluka m'kaundula. Mungaganize kuti nthawi ya ndalama ana asangalala. Ayi. Ndi nthawi imene mayi amafunsa kuti fodya tinalima tonse, ndalama zili kuti, ndipo yankho limakhala chibakera. Bambo amasowa sabata yathunthu pa tawuni, akabwera abwera ndi mowa m'mutu, nthawi zina ndi mkazi wina. Lolemba lililonse ndiye osanena.

Chaka china ndinali ndi mtsikana mu Sitandade 7, wolemba mwaukhondo kuposa ine. Tsiku lina anabwera ndi kope limodzi lokha, lopsa m'mbali, masamba akuyoyoka akamatsegula. Ndinamufunsa kuti makope ena ali kuti, anati anagwera pa moto. Makope onse kugwera pa moto tsiku limodzi? Pambuyo pake anzake ndi amene anandiuza kuti bambo ake anawaponya m'mbaula chifukwa mtsikanayo anaima pakati pamene ankamenya mayi ake. Anati popeza wayamba kuweruza milandu ya akulu, sukulu wamaliza. Lopsa m'mbalilo analilanditsa ndi manja, ndipo zala zake zinali ndi matuza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana wotere akachedwa, pa geti timamupatsa chilango. Akatchetche bwalo, akakumbe dzenje la zinyalala, anzake akuphunzira. Usiku walangidwa ndi makolo, m'mawa walangidwa ndi ife.

Bambo a Tadala:
Ndiye mukufuna ochedwa asamalangidwe? Sukulu isanduka msika.

Nachisale (mphunzitsi, Dowa):
Ndikufuna tizifunsa kaye tisanapereke khasu. Kufunsa sikudya ndalama.

Namwino wa ku Zomba:
Ndiwonjezere za kuchipatala. Ana ambiri a m'makomo otere sabwera ndi mabala. Amabwera ndi mutu wosatha, m'mimba mopweteka, kukodza pogona pamene anali atasiya kale. Timayeza malungo, palibe. Timapereka panado, sabata yamawa abweranso. Mwana amene amakhala ndi mantha usiku ndi usana, thupi lake limakhala lokonzeka kuthawa nthawi zonse, ndipo mutu wokonzeka kuthawa susunga masamu. Si kuti mwanayo ndi mbuli. Chitseko chikangomenyeka ndi mphepo amadzidzimuka, zimene amamva zonse zabalalika.

Komanso tisaganize kuti ndi makomo owerengeka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016, amene anachita a National Statistical Office, anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo. Wina wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti atsikana pafupifupi awiri mwa asanu, ndi anyamata awiri mwa atatu, anamenyedwapo mwankhanza asanafike zaka 18. Aphunzitsi, mukaima kutsogolo kwa kalasi yanu yodzadza ija, muziwerenga nokha.

Gogo Nasibeko:
Ana anga, ine ndine nkhoswe wa mabanja ambiri, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi ikupita kwa ife. Mudzati ankhoswe ndi amene amabweza akazi kukamenyedwa. Ndiloleni ndiyankhuleko ndisanaweruzidwe.

Mkazi akabwera kwa ine usiku atatupa diso, ana ali pambuyo, ine ndimaona mbali ziwiri. Ndikamuuza kuti banja lithe, mawa ana aja adya kuti? Bambo woipayo ndi yemweyo amagula chimanga, ndi yemweyo amagula makope ndi yunifolomu. Ndaona ndi maso anga mabanja atatha, ana anabalalika, wina kwa azakhali kukakhala wantchito, wina kuweta ng'ombe za eni, mtsikana kukwatiwa. Mayi akakwatiwanso, bambo wopeza safuna kulipirira mwana wa mwamuna mnzake. Ndiye tikamati pirira chifukwa cha ana sikuti tilibe chisoni. Timakhala tawerengera.

Nabanda wa ku Ndirande:
Agogo, ndikulemekezani, koma mawu amenewo a kupirira chifukwa cha ana ndi amene anandisunga ine zaka zambiri pamoto, ndipo amene anapsa kwambiri ndi ana omwewo.

Mwana wanga woyamba anayamba kumenya anzake ku sukulu. Ndinkaitanidwa kwa ahedi pafupipafupi. Tsiku lina anakankha mlongo wake kukhoma n'kumuuza mawu enieni amene bambo ake ankandiuza ine, mawu amene sindingalembe pano. Anali ndi zaka 9. Pamenepo ndinadziwa kuti m'nyumba muja muli sukulu inanso, ndipo ikuphunzitsa bwino kuposa ya boma.

Koma sindinama kuti kuchoka n'kophweka, pamenepo agogo mukunena zoona. Ndinathawa usiku pakati pa teremu yachiwiri, ndinapita kwathu ku Ntcheu ndi ana ndi chitenje chokha. Mtsikana wanga anali mu Sitandade 8, dzina lake linali litapita kale ku MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, kudzera ku sukulu ya ku Blantyre. Kuti akalembe mayeso amayenera kubwerera komweko, akagone kuti? Kwa bambo ake omwewo? Yunifolomu, makope, malipoti, zonse bamboyo anazitsekera m'nyumba, akuti mukazifuna mubwere nonse. Mwana sanalembe chaka chimenecho. Analira mwezi wathunthu, ankandida ine, osati bambo ake. Anabwereza ku mudzi, anakhoza, pano ali ku sekondale yoyendera. Ndimagulitsa mandasi ndi tomato, zimavuta, koma madzulo amayatsa tochi n'kuwerenga mpaka tulo, palibe womuzimitsira.

Funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani wolakwa ndi amene amatsala m'nyumba, pafupi ndi sukulu ya ana, ife osalakwa ndi amene timathawa?

aMbewe (za malamulo):
A Nabanda mwafunsa funso limene lamulo linayankha kale, kungoti yankholo silinafike kwa anthu.

Tili ndi lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja, Prevention of Domestic Violence Act, la 2006. Anthu ambiri akamva za lamuloli amaganiza za kumangitsa mwamuna basi, ndiye amaopa kuti akamangidwa tidya chiyani. Koma muli zinthu zina zimene si ndende. Khothi la majisitireti likhoza kupereka chiletso choti wankhanzayo asakumenyeni, asakuopsezeni, asakuyandikireni. Likhozanso kulamula kuti wochitiridwa nkhanza ndi ana ndi amene atsale m'nyumba, wankhanzayo atuluke. Ngakhale nyumba ya lendi, khothi likhoza kuika lendiyo m'manja mwa wochitiridwa nkhanza. Zinthu zikakhala zoopsa, chiletso chongoyembekezera chikhoza kuperekedwa mlandu usanamvedwe wonse. Chikanachitika chimenechi, mwana wa a Nabanda akanalemba mayeso ake pa sukulu yake.

Chinanso, lamuloli silinena za zibakera zokha. Kumana banja ndalama mwadala, kuononga katundu, kutukwana ndi kuopseza kosalekeza, zonsezo zili momwemo. Kuwotcha makope kumene anena aphunzitsi kuja si kulanga mwana, ndi nkhanza.

Agogo, za kuti ana adya chiyani: lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lili ndi udindo wosamalira mwana, banja lilipo kapena latha. Mayi akhoza kukasuma kuti bambo azipereka chithandizo, kuphatikizapo cha sukulu. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati sukulu ya pulayimale ndi yokakamiza, choncho bambo sangangodzuka n'kunena kuti sukulu wamaliza.

Chimwemwe K.:
A Mbewe, papepala n'zokoma. Tsikani pansi kuno. Mchemwali wanga anapita ku polisi ina ali ndi bala pamutu, anamuuza kuti kakambiraneni ndi ankhoswe. Khothi lili pa boma, thiransipoti yopita ndi kubwera ndi ndalama ya ndiwo za sabata. Ukafika akuti mlandu wasunthidwa. Ndipo mwamuna wa ganyu kapena wa kabaza, amene salandira malipiro a pamwezi, mumudula bwanji chithandizocho? Akalamulidwa amangokwera basi ulendo wa ku Joni, nkhani yathera pompo.

aMbewe (za malamulo):
Sindikutsutsa, achemwali. Zimenezo zimachitika. Koma pa polisi musathere pa kauntala, funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndi imene inakhazikitsidwira nkhani zotere. Ngati pali kuvulala kapena mwana wagwiriridwa, ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe kuli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi. Vuto lina lalikulu ndi lakuti milandu yambiri imathetsedwa ndi odandaula eni ake, achibale akawapanikiza. Apongozi amabwera ndi nkhuku, akuti mwana wathu walapa. Pakatha mwezi zayambiranso.

Che Saidi (Mangochi):
Ine ndikuona kuti nkhaniyi imasiyana ndi dera. Kuno kwathu, ngakhalenso kwa Achewa ambiri, mwamuna ndi mkamwini, amakhala kwa mkazi. Akachita nkhanza, alongo a mkazi amamulongedzera thumba lake, amapita. Ana amatsala pamudzi, sukulu yomweyo, anzawo omwewo. Chimene chimachoka ndi thandizo basi, chifukwa bambo akapita amati ana ndi a kuchikazi, awaone amalume awo. Koma kumene mkazi anatengedwa chitengwa, kapena kumpoto kumene analowola, kapena m'tawuni m'nyumba za lendi, wochoka ndi mkazi. Akatenga ana, sukulu yasokonekera. Akawasiya, atsala ndi womenya uja, kenako ndi mayi wopeza. Choncho mankhwala sangakhale amodzi.

Gogo Nasibeko:
Che Saidi mwalasa. Kale mwini mbumba anali ndi mphamvu, mkamwini ankaopa kukweza dzanja chifukwa alamu ake ali khomo lachiwiri. Lero amalume ali ku Lilongwe, ena ku Cape Town, amangotumiza moni pa WhatsApp. Mwana wamkazi ali yekha m'kanyumba ka lendi ku Mtandire, aneba ake ndi alendo, akamakuwa amangokweza wailesi.

Bambo a Tadala:
Ndaona kuti nkhani yonse yasanduka yoimba mlandu amuna. Nanga akazi amene amathira amuna awo madzi otentha? Nanga amayi amene amawotcha manja a mwana chifukwa waba ndiwo mu mphika? Nanga kutukwana mwamuna pamaso pa ana ake kuti ndiwe chitsiru, anzako akumanga nyumba za malata? Mwana wamwamuna akamamva zimenezo tsiku ndi tsiku, mukuganiza kuti m'kalasi amakhala bwino?

Namwino wa ku Zomba:
Pamenepa Bambo a Tadala mwanena zoona, ndipo lamulo limene atchula a Mbewe limateteza amuna ndi akazi mofanana. Manja owotchedwa ndawamangapo mabandeji, ndipo nthawi zambiri wowotcha ndi mayi kapena mayi wopeza. Mwana wotero amatha masabata osagwira cholembera. Koma ndikuuzeninso zimene ndimaona: amayi ambiri amene amazunza ana, iwonso akuzunzidwa. Mkwiyo umatsika masitepe, bambo kwa mayi, mayi kwa mwana wamkulu, wamkulu kwa wamng'ono. Amene amabwera atathyoka nthiti ambiri ndi akazi, zimenezo sitingabise. Koma kwa mwana zilibe kanthu kuti wayamba ndani.

Bambo a Tadala:
Bola mwavomera. Chifukwa mwamuna akapita kukadandaula amasekedwa, akuti ukumenyedwa ndi mkazi iwe?

Mayi a Chikondi:
Ndiye musamaseke anzanuwo ku bawo, chifukwa oseka ndinu nomwe amuna.

Tiyamike (mother group, gulu la amayi othandiza atsikana pa sukulu, Dedza):
Ine ndikufuna ndilankhule za atsikana, chifukwa ndi amene timalimbana nawo. Tikamva kuti mtsikana wa Sitandade 7 wakwatiwa, timathamangira kunena kuti umphawi, kapena makolo amukakamiza. Nthawi zina n'zoona. Koma ambiri tikakhala nawo pansi amatiuza kuti anapita okha. Mnyamata wa kabaza anamuuza kuti kwathu palibe wokumenya, basi mtsikana wanyamuka. Sanakatsate chikondi, anathawa nkhondo.

Malamulo alipo, la ukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Kuno ku Dedza Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kubwezera ana ku sukulu, dziko lonse linamva. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu ilipo kuyambira 1993. Koma taganizani: tathetsa ukwati, tamutenga mwana, tikumubwezera kuti? Ku nyumba yomwe ija anathawa, tsopano ali ndi khanda kumsana, bambo ake akumunena kuti wabweretsa pakamwa pena. Teremu isanathe wathawanso. Ife tinaphunzira kuti tisanamubweze mwana, tiyambe taona khomo. Nthawi zina timapempha agogo ake kapena azakhali kuti amusunge, ife tizithandiza sopo ndi makope kuchokera ku dimba la gulu.

Ndipo pali atsikana ena amene sakwatiwa, sajombanso kwambiri, koma asanduka mayi wa nyumba. Mayi akathawa kapena akagona ndi ululu, ndi iye wotunga madzi, wophika, wobereka khanda. Amafika ku sukulu phala la ana litatha kale, piriyodi yoyamba yadutsa. Ameneyu sawoneka m'kaundula ngati wosiya sukulu, koma mayeso akabwera mudzamuona.

Yamikani (Johannesburg):
Anyamata nawonso musatiiwale, amayi. Ife sitikwatiwa, timangosowa. Wina ku esiteti ya fodya, wina ku nyanja kukakoka makoka, wina m'tawuni kugulitsa majumbo. Ana ambiri ogona m'makhonde a masitolo ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo ali nawo, ali moyo. Afunseni chimene anachokera.

Ahedi opuma (Kasungu):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinali mphunzitsi pamene sukulu yaulere inayamba mu 1994, ana anakhamukira mpaka tinkaphunzitsira pansi pa mitengo. Tinkaganiza kuti tikachotsa fizi, tachotsa chotchinga chonse. Koma ana amene analowa Sitandade 1 mwaunyinji, pofika Sitandade 8 anali atatsala ochepa, ndipo ambiri amene ndinawatsatira kumakomo, nkhani sinali ya fizi.

A Nachisale, ndikupatseni chenjezo limodzi, chifukwa mtima wabwino ukhoza kuvulaza mwana. Mwana akakuululirani za kunyumba, musathamangire kulemba kalata yoitana bambo ake. Bamboyo adzabwera atavala jekete, adzakugwirani chanza, adzati aphunzitsi ana amanama. Madzulo mwana uja adzamenyedwa chifukwa choulula za m'nyumba, ndipo sadzakuuzaninso kanthu mpaka kalekale. Musakambenso nkhaniyo pagulu la aphunzitsi ngati nkhani yocheza, chifukwa aphunzitsi ena amamwa limodzi ndi bamboyo.

Njira imene inkandithandiza ine ndi iyi. Nkhani idziwike kwa anthu ochepa: inu, ahedi, ndi mayi mmodzi wokhwima wa mother group. Mayiyo akacheze ndi mayi a mwana ku chitsime kapena ku chigayo, osati pakhomo. Ngati mwana akuvulazidwa, musazengereze, dziwitsani wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya ana, imayendetsedwa ndi a bungwe la YONECO, ilembeni pakhoma la kalasi iliyonse kuti mwana aziiona popanda kufunsa munthu.

Zina ndi zazing'ono koma zimasunga mwana. Ine ndinkasiya kalasi imodzi yotsegula masana kuti a Sitandade 8 aziwerengeramo, ndipo amene ankatsala mpaka dzuwa kupendeka ndinkawadziwa chifukwa chake. Makope a ana ena ndinkawasunga mu kabati ya ofesi, azitenga m'mawa. Ndipo mayi akabwera ndi ana pakati pa teremu alibe kalata ya transifa, ndinkawalandira kaye, kalata izibwera pambuyo. Mayi wothawa usiku sadutsira ku ofesi ya ahedi kukadinditsa pepala.

Nabanda wa ku Ndirande:
Ahedi, mukanakhala inu ku sukulu imene ndinafikira ine! Anandibweza kuti kabweretseni transifa, ana anakhala pakhomo masabata angapo mpaka mlamu wanga wina wachifundo anakaitenga mobisa.

Chimwemwe K.:
Koma tisawasenzetse aphunzitsi katundu yense. Munthu mmodzi, ana odzadza kalasi mpaka pakhomo, malipiro ochedwa, nyumba yake ili m'mudzi momwemo mwa womenyayo. Akalowerera, mawa amva kuti aphunzitsi akufuna mkazi wa mwini. Mafumu ndi a mipingo ali kuti? Ku tchalitchi timalalikira za chakhumi chaka chonse, za nkhanza timakumbukira pa masiku 16 aja oyambira pa 25 Novembala, tikavala malaya olembedwa n'kuguba, basi tikumane chaka chamawa. Mkulu wa mpingo womenya mkazi aliyense amamudziwa, koma Lamulungu ndi amene amanyamula mbale ya chopereka.

Che Saidi (Mangochi):
Mafumu ena anaika malamulo a m'mudzi, kholo la mwana wojomba limalipira nkhuku kapena mbuzi. Ndi zabwino, koma wolipira nthawi zambiri ndi mayi yemwe uja womenyedwa. Bwalo limafunsa kuti mwana sanapite ku sukulu chifukwa chiyani, silifunsa kuti anagona kuti.

Gogo Nasibeko:
Ndamva zonse. Sindisiya kuyanjanitsa mabanja, chifukwa si kukangana kulikonse kumene kuli nkhanza, ndipo achinyamata a lero ena amafuna kuthetsa banja chifukwa cha ndiwo zopanda mchere. Koma pamene pali magazi, ine sindinabwezepo mwana wa munthu usiku womwewo, ndipo sindidzatero. Chimene chandigwira mtima ndi cha a Mbewe, choti wotuluka akhoza kukhala mwamuna. Loweruka lino tili ndi nkhani ya banja lina, mkazi anathawira kwa ine ndi ana atatu, wamkulu ndi wa mayeso chaka chino. Akuchimuna akuumirira kuti abwerere kaye ndiye tikambirane. A Mbewe, ngati mkaziyo atafuna njira ya khothi ija, ayambire pati, atenge chiyani?

aMbewe (za malamulo):
Agogo, ayambire ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, akalembetse dandaulo. Ngati anavulala, apite ku chipatala mabala asanapole, zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo apolisi amapereka kalata yoti adokotala alembepo. Mameseji oopseza ngati alipo pa foni asafufute. Akatero apite kwa kalaliki wa khothi la majisitireti, anene kuti akufuna chiletso pansi pa lamulo la nkhanza za m'banja, ndipo anene momveka kuti akupempha kutsala m'nyumba ndi ana, atchule kuti wina akulemba mayeso ndi sukulu imene analembetsa. Inuyo mukhoza kumuperekeza ngati mboni, popeza anafikira kwa inu. Zokambirana za Loweruka zisaimitse zimenezi, ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi.

Ahedi opuma (Kasungu):
Ndipo mawa lomwe wina apite kwa ahedi a sukulu ya mwanayo akawauze kumene ali, asamulembe kuti wasiya. Ngati kwa agogo n'kutali ndi sukulu, afunse ngati pali mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa mother group amene angamusunge mpaka alembe.

Gogo Nasibeko:
Si kutali kwenikweni, mdzukulu wanga ali ndi njinga, azimukweza m'mawa. Vuto ndi makope ndi yunifolomu, zatsala kwa bambo ake. Nditumako anyakwawa akatenge, amenewo sangawakanize.